Zolemba za ntchito: seva ya PostgreSQL yochedwa komanso yosokosa

Lolemba

Madandaulo abwera awiri. A ku kauntala akuti risiti imodzi ikutenga masekondi anayi kapena asanu kuti ituluke, pomwe kale inkatuluka munthu asanachotse chala pa batani. A mu ofesi ya maakaunti akuti seva ikusokosa moti foni akuyankhira pakhonde. Onse awiri akuti zinayamba chakumayambiriro kwa Okutobala, kutentha kutafika pachimake.

Makina ake ndi awa: seva ya 2U yogulidwa yogwiritsidwapo kale ntchito, ma CPU awiri, RAM ya 64 GB, madisiki asanu ndi limodzi a SAS a 600 GB ozungulira ka 10,000 pa mphindi, omangidwa mu RAID 10, njira yomwe madisiki amagwira ntchito ngati imodzi ndipo chilichonse chimalembedwa pa madisiki awiri. Malo oyika madisiki alipo asanu ndi atatu, awiri ndi opanda kanthu. Khadi ya RAID ili ndi cache yake, memore yachangu yosungiramo zinthu kwakanthawi, yotetezedwa ndi batire. Pamwamba pake pali Ubuntu 22.04 ndi PostgreSQL 14, pulogalamu yoyendetsa database.

Pabwera kale ganizo loti tigule RAM yowonjezera. Lakanidwa pakadali pano. `free -h` ikuonetsa kuti swap, malo a pa disiki ogwiritsidwa ntchito RAM ikachepa, sinakhudzidwe n'komwe, ndipo 40 GB yangokhala ngati cache ya Linux. Lero palibe chosinthidwa chilichonse, tangoyeza, chifukwa mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi simudzadziwa chomwe chachiritsa.

`vmstat 5` pa nthawi ya malonda ambiri: CPU ikugwira ntchito pang'ono, koma gawo la `wa` likufika 25 mpaka 30. Ndiye kuti purosesa ikungokhala kudikira disiki. `iostat -x 5` ikugwirizana nazo, `w_await`, nthawi yomwe kulemba kumodzi pa disiki kumatenga, ili pakati pa mamilisekondi 35 ndi 60. Pa seva yokhala ndi cache ya RAID yogwira bwino nambala imeneyi imayenera kukhala 1 kapena 2. Musatengeke ndi `%util`. Pa RAID, Linux imaona disiki imodzi yokha, `sda`, ndipo 100% ya pamenepo imangotanthauza kuti panalibe mphindi yomwe disiki inali chikhalire, osati kuti madisiki onse asanu ndi limodzi athedwa mphamvu.

Mu `pg_stat_activity` ambiri mwa odikira ali pa `WALSync` ndi `WALWrite`. Apa ndi pomwe pali nkhani. PostgreSQL simavomereza COMMIT, lamulo losungitsa zomwe zasinthidwa, isanatsimikize kuti zolemba za WAL, kaundula wake wa zosintha zonse, zafika pamalo pomwe sizingafufutike magetsi atazima. Risiti imodzi ya pulogalamu ya ku kauntala imachita ma COMMIT ambirimbiri, mzere uliwonse wa katundu paokha, ndiye COMMIT iliyonse ikachedwa pang'ono, kuchedwako kumaunjikana.

Lachiwiri

Tayesa `pg_test_fsync` usiku ogula atatha, pa disiki yomweyo yomwe pali `pg_wal`. Yapereka ma fdatasync, kulemba kodikira chitsimikizo cha disiki, pafupifupi 140 pa sekondi. Nambala imeneyi yokha ikuulula zambiri. Disiki ya 10,000 rpm imazungulira ka 166 pa sekondi, ndipo ngati kulemba kulikonse kukudikira mbale ya disiki kuti izungulire kamodzi, simungapitirire pamenepo. Ndiye kuti cache ya khadi ya RAID sikugwira ntchito.

`storcli /c0/vall show` yatsimikiza. Pa gawo la Cache palembedwa `RWTD`. Zilembo za pakatizo, WT, ndi write through: khadi ikulemba molunjika pa disiki n'kudikira. Zimayenera kukhala `RWBD`, write back: khadi imasunga mu cache n'kuyankha nthawi yomweyo, kulemba pa disiki pambuyo. `storcli /c0/bbu show all` ikunena kuti batire ikufunika kusintha, ndipo ikutentha madigiri 57. Khadi ikaona kuti batire siingasunge za mu cache magetsi atazima, imadzichotsa yokha pa write back. Ikuchita bwino kutero. Vuto ndi loti imachita mwakachetechete, uthenga umangolembedwa mu log yomwe palibe amene amaiwerenga.

Chenjezo kwa amene angafufuze vuto lofanana ndi ili: makhadi a batire amakhala ndi nthawi yomwe amatsitsa batire dala n'kuitchajanso kuti ayeze mphamvu yake, ndipo pa nthawi imeneyo ena amapita pa write through kwa maola angapo kenako n'kubwerera okha. Ngati seva imachedwa tsiku limodzi pakapita miyezi ingapo n'kudzichira yokha, yambani mwaona pamenepo. Kuno si zimenezo, batire yafa ndithu.

Njira zachidule zilipo zitatu ndipo ziwiri zakanidwa. Yoyamba ndi kukakamiza khadi ndi `wrcache=awb` kuti izichita write back ngakhale popanda batire. Liwiro limabwerera nthawi yomweyo, koma walira mvula walira matope: magetsi akazima UPS, bokosi la mabatire losunga magetsi a seva, n'kulephera, zonse zomwe zinali mu cache zimapita, ndipo database ikhoza kudzuka yowonongeka. Ndi mmene magetsi amazimira kuno, imeneyi si njuga yoti n'kusewera. Yachiwiri ndi `fsync = off`, yomwe ndi yoopsa chimodzimodzi. Yachitatu, `synchronous_commit = off`, ndi yosiyana. Simawononga database, koma seva ikagwa mumataya ma transaction (magulu a zosintha zosungidwa pamodzi) omaliza, a nthawi yosapitirira katatu ka `wal_writer_delay`, yomwe imabwera ili pa mamilisekondi 200. Pa malonda, risiti yomwe wogula wanyamula koma mu database mulibe ndi mlandu. Taigwiritsa ntchito pa akaunti imodzi yokha, yomwe imalemba mbiri ya yemwe walowa ndi kutuluka mu pulogalamu. Batire yatsopano yaitanitsidwa.

Madzulo tinatembenukira ku phokoso. Si phokoso limodzi, alipo anayi, ndipo kuwalekanitsa ndi theka la ntchito. Pali kuwomba kwa mphepo, fuuu osalekeza, komwe kukumiza ena onse. Pansi pake pali kulira kopyapyala, tsiii, komwe kumabwera n'kupita. Pali kugogoda, tiki tiki tiki, kochokera kutsogolo kwa madisiki. Ndipo pali kung'ung'udza kwa pansipansi komwe kumamveka kwambiri mukaima pakona ya chipinda. Chida chabwino pano ndi sikuludiraiva yaitali: nsonga pa chitsulo cha seva, chogwirira pa fupa la kuseri kwa khutu, n'kumasuntha pang'onopang'ono mpaka phokoso litakula. Pulogalamu ya pa foni yoyeza madesibeli siyolondola kwenikweni, koma poyerekeza lero ndi mawa imathandiza, bola foni ikhale yomweyo, pamalo omwewo. Yaonetsa 73 pa mtunda wa mita imodzi.

`ipmitool sdr type fan` ikuonetsa mafani asanu ali pa 11,000 rpm, ndipo wachinayi ali pa 0. Fani imodzi ikafa, makina amathamangitsa otsalawo kuti aphimbe mpatawo. Ndipo phokoso la fani silikwera molingana ndi liwiro lake. Mukachulukitsa liwiro kawiri, phokoso limakwera ndi madesibeli pafupifupi 15. Mwachitsanzo, kuchoka pa 4,200 rpm kufika pa 11,000 ndi madesibeli oposa 20, ndipo khutu limamva madesibeli 10 aliwonse ngati phokoso lawirikiza kawiri. A maakaunti sakukokomeza.

`ipmitool sdr type temperature`: mphepo yolowa ndi madigiri 34. ASHRAE, bungwe la akatswiri a zoziziritsa ndi zotenthetsa nyumba, imalangiza 18 mpaka 27. `ipmitool sel list` ikuonetsa kuti fani yachinayi inayamba kudandaula miyezi ingapo isanafe. Ndipo khadi ya RAID ndi batire yake zili kumbuyo kwenikweni kwa fani yomweyo. Batire ya lithiamu imakalamba msanga ikamakhala motentha. Zikuoneka kuti madandaulo awiri aja ali ndi muzu umodzi.

Lachitatu

Kugogoda kuja ndi disiki ya pa malo achitatu. Kuti smartctl ione madisiki a kuseri kwa khadi ya RAID muyenera kuitchulira nambala: `smartctl -a -d megaraid,3 /dev/sda`, nambalayo ikhale ya DID yomwe storcli ikupereka. Madisiki a SAS sapereka ma attribute 5, 197 ndi 198 monga a SATA. Chomwe mumayang'ana ndi mzere wa `Elements in grown defect list`, chiwerengero cha malo omwe awonongeka pa disiki. Asanu enawo ali pa 0 kapena 2. Iyi inali pa 212 dzulo, lero ili pa 247. Kukula kwa nambala sikudetsa nkhawa kwambiri ngati kukwera kwake. Khadi ikuiona disikiyo ngati `Onln`, yabwinobwino, chifukwa ikayesa kuwerenga kangapo imathabe kupereka yankho. Koma kuyesa kangapo kumeneko ndiko tiki tiki uja, ndipo RAID yonse imadikira.

Musanakhudze disiki, bakapu kaye. `pg_basebackup` yapita pa kompyuta ina, ndipo kopeyo yadzutsidwa komweko n'kuwerenga mizere ya matebulo akuluakulu. Bakapu yomwe simunaidzutsepo simukudziwa ngati ilipo.

Podikira disiki yatsopano tinayang'ana mkati mwa PostgreSQL, poti sizingakhale zonse ndi zitsulo. Tebulo la `katundu` lili ndi mizere 90,000 yokha koma likudya 4.1 GB. `VACUUM VERBOSE katundu` yayankha kuti pali mizere yakufa mamiliyoni angapo yomwe singachotsedwe pakadali pano. PostgreSQL ikamachita UPDATE sifufuta mzere wakale, imalemba watsopano n'kusiya wakalewo kuti VACUUM idzautole. Koma VACUUM siingachotse mzere womwe transaction ina yotsegula ingathe kuufunabe. Tinafufuza motere:

`SELECT pid, usename, state, now() - xact_start AS nthawi FROM pg_stat_activity WHERE state = 'idle in transaction' ORDER BY nthawi DESC;`

Pamwamba patuluka connection imodzi yomwe yakhala yotsegula masiku 16. Ndi kompyuta ya ku nyumba yosungira katundu, yomwe inayamba kusintha chiwerengero cha katundu, zenera lofunsa kuti mukutsimikiza litatuluka palibe anadina, ndipo kompyutayo sizimitsidwa. Masiku 16 amenewo autovacuum, VACUUM yodziyendera yokha, imathamanga mokhulupirika koma osachotsa kanthu. `pg_terminate_backend` yaidula, ndipo taika `idle_in_transaction_session_timeout = '10min'`. Opanga pulogalamu auzidwa kuti asamatsegule transaction asanafunse munthu funso.

VACUUM wamba yachotsa mizere yakufa koma fayilo sinachepe, malowo amangosungidwa kuti adzagwiritsidwenso ntchito. `VACUUM FULL` imalemba tebulo lonse mwatsopano, koma imalitseka kotheratu, ngakhale owerenga sangalowe, ndipo imafuna malo a kope yachiwiri pa disiki. Pa tebulo laling'ono ngati ili, usiku, yatha m'mphindi imodzi. Latsika kufika 38 MB. Pa tebulo lalikulu njira ndi pg_repack.

Lachinayi

Disiki ndi mafani awiri zafika. Batire ayi.

Poti pali malo opanda kanthu, disiki yodwalayo sinazulidwe kaye. Yatsopano yalowa pa malo achisanu ndi chimodzi, kenako `storcli /c0/e252/s3 start copyback target=252:6`. Ubwino wake ndi woti pa nthawi yonse yokopera, RAID imakhalabe ndi makope awiri. Mukazula kaye n'kuchita rebuild, mnzake wa disiki yozulidwayo amatsala yekha, akuwerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo madisiki ogulidwa tsiku limodzi amakonda kudwalanso nthawi imodzi. Kukopera kwatenga maola atatu ndi theka. Musanazule yakaleyo yatsani kanyali kake ndi `start locate` ndipo yerekezani serial. Kuzula disiki yolakwika pa RAID 10 yodwala kale ndi njira yachangu yoyesera bakapu ija.

Tiki tiki watha. `r_await`, nthawi yomwe kuwerenga pa disiki kumatenga, yasiya kudumpha mwadzidzidzi.

Apa tapezanso china. Pa malo awiri opanda disiki aja, amodzi analibe chotsekera chake chapulasitiki. Mphepo imatsata njira yosavuta, ndiye yambiri inkalowera pa dzenje limenelo m'malo modutsa pakati pa madisiki. Disiki yakale itazulidwa, thireyi yake yopanda kanthu yabwezeretsedwa kuti itseke mpata.

Loweruka usiku

Seva yazimitsidwa kwa maola awiri. PostgreSQL yaimitsidwa kaye bwinobwino, mawaya a ma PSU onse awiri, mabokosi olandira magetsi, azulidwa, lamba wa pa mkono wolumikizidwa ku chitsulo cha seva. Chivundikiro chitachoka, zipsepse za heatsink yoyamba, chitsulo choziziritsa CPU, zinali mbuu, fumbi lofiirira litaumbika ngati bulangete kumaso kwake moti kuwala kwa tochi sikumadutsa. Fumbi la miyezi ya chilimwe likakumana ndi chinyezi cha dzinja limauma n'kumatirira, silichoka ndi mphepo yokha. Burashi yofewa yayamba, kenako blower, panja. Fani iliyonse igwiridwe ndi chala pouzira, chifukwa ikazungulira mopitirira muyeso bearing imawonongeka. Kompresa ya ku galaja ayi, imalavula madzi ndi mafuta. Ma heatsink sanachotsedwe, CPU sizinafike pochepetsa liwiro chifukwa cha kutentha, `core_throttle_count` ili pa 0, ndiye panalibe chifukwa chosokoneza thermal paste.

Fani yachinayi inali yolimba, osazungulira ngakhale ndi chala. Tsiii uja anali wa fani yachiwiri: mukaizunguza ndi dzanja mumamva kukhukhuza ngati muli mchenga, ndipo imagwedera mbali. Zonse ziwiri zasinthidwa. Kuthira mafuta mu bearing ya fani ya seva kumangogula masabata ochepa.

Chivundikiro cha pulasitiki cholondolera mphepo pa CPU ndi RAM chinali chitakhala mopendekeka, mano ake a kumanzere osalowa. Chakonzedwa.

Njanji ya kumanja inali ndi sikulu imodzi yokha, yomasuka, ndipo seva yonse inkanjenjemera n'kumagunda kabati. Izi si za makutu okha. Mu 2008 Brendan Gregg, ali ku Sun Microsystems, anaonetsa kuti kungokuwa pafupi ndi madisiki ozungulira kumakweza nthawi yomwe amatenga kuyankha, chifukwa mutu wowerenga ukagwedezeka umaphonya njira yake n'kudikira kuti mbale izungulirenso. Mafani asanu pa 11,000 rpm, imodzi yogwedera, pa njanji yomasuka, si zabwino kwa madisiki. Masikulu anayi alowa, amangidwa.

Kabati inali itakanikizidwa kukhoma, mphepo yotentha yotuluka kumbuyo n'kumazungulira kubwerera kutsogolo. Yakokedwa masentimita 60.

Popeza seva inali yozima kale, zosintha zofuna kuyambitsanso PostgreSQL zalowa limodzi mu `/etc/postgresql/14/main/postgresql.conf`. `shared_buffers`, cache ya PostgreSQL mu RAM, inali ikadali pa 128MB, yomwe imabwera nayo, pa makina a 64 GB. Yaikidwa pa 16GB, gawo limodzi mwa magawo anayi a RAM, poyambira pomwe zolemba za PostgreSQL zimalangiza. `effective_cache_size` yapita pa 46GB, iyi sitenga RAM iliyonse, imangouza planner, gawo losankha njira yoyendetsera query, kuchuluka kwa cache yomwe ilipo. `pg_stat_statements`, yowerengera nthawi yomwe query iliyonse ikudya, yalowa mu `shared_preload_libraries`, ndipo tayatsa `track_io_timing`, `log_checkpoints`, `log_temp_files = 0` ndi `log_min_duration_statement = 500`.

Itayaka, mafani anakuwa kwa mphindi imodzi monga amachitira nthawi zonse, kenako anatsika kufika pa 4,600. Foni ikuti 55. Mphepo yolowa madigiri 29, akadali okwera, chipindacho chilibe potulukira mphepo.

Sabata yachiwiri, Lachiwiri

Batire yafika ndipo yalowa. Musadabwe khadi ikakhalabe pa `RWTD` mukangoyatsa, imadikira kuti batire idzaze. Kuno yatenga maola angapo. Itasintha kukhala `RWBD`, `pg_test_fsync` yapereka oposa 9,000 pa sekondi, kuchoka pa 140. `w_await` ili pansi pa mamilisekondi 2. Risiti ikutuluka pompopompo. `synchronous_commit` yabwezeretsedwa pa akaunti ija. Batire ikutentha madigiri 39.

Kuti izi zisadzachitikenso mwakachetechete, pali kasikiripiti mu cron kothamanga ola lililonse. Kamatumiza uthenga ngati `RWBD` sikupezeka mu yankho la storcli, ngati fani iliyonse yatsika pansi pa 2,000 rpm, kapena ngati grown defect list ya disiki iliyonse yasintha.

Lachinayi

`pg_stat_statements` yasonkhanitsa zokwanira masiku anayi. Tikasanja ndi `total_exec_time`, query imodzi ya lipoti la malonda a tsiku ndiyo ikudya nthawi yoposa theka. Tebulo la `malonda` lili ndi mizere 38 miliyoni, ndipo index, mlozera wothandiza kupeza mizere msanga, ilipo kale pa `nthawi`, koma `EXPLAIN (ANALYZE, BUFFERS)` ikuonetsa Seq Scan, ikuwerenga tebulo lonse. Chifukwa chake ndi kalembedwe: `WHERE date(nthawi) = ...`. Column ikakutidwa mu function, index wamba ya pa column imeneyo sigwiranso ntchito. Kupanga index pa `date(nthawi)` sikutheka mwachindunji chifukwa column ndi ya `timestamptz`, ndipo tsiku lomwe limatuluka limadalira time zone ya yemwe akufunsa. Query yalembedwanso kukhala `nthawi >= tsiku AND nthawi < tsiku lotsatira`, ndipo tawonjezera index ya `(nthambi, nthawi)` ndi `CREATE INDEX CONCURRENTLY` kuti a ku kauntala asatsekeredwe. Lamulo limeneli likalephera pakati limasiya index yolembedwa INVALID, yomwe imachedwetsabe kulemba koma sithandiza kuwerenga, ndiye onani ndi `\d malonda` mukamaliza. Lipoti lachoka pa masekondi 48 kufika pansi pa sekondi imodzi. Kumbukirani kuti EXPLAIN ANALYZE imathamangitsadi query, pa UPDATE kapena DELETE ikulungeni mu BEGIN ndi ROLLBACK.

Log ikuonetsa malipoti a pa mwezi akulemba mafayilo osakhalitsa a 300 MB, chifukwa `work_mem` ya 4MB siikwanira kusanja. Sitinaikweze kwa onse. Nambala imeneyi ndi ya sort kapena hash iliyonse mu query iliyonse, ndiye ndi ma connection 100 ikhoza kumeza RAM yonse. `ALTER ROLE malipoti SET work_mem = '256MB'` yakwana.

Mu `pg_stat_bgwriter`, `checkpoints_req`, chiwerengero cha nthawi zomwe PostgreSQL yakakamizika kutsitsira zosintha zonse pa disiki nthawi yake isanakwane, ikukwera kwambiri m'mawa pomwe mitengo ya katundu ikulowetsedwa yambiri nthawi imodzi. WAL ikudzaza `max_wal_size` ya 1GB mphindi zisanu za `checkpoint_timeout` zisanakwane. Taika 8GB ndi mphindi 15, izi zimangofuna reload. Mtengo wake ndi woti seva ikagwa imatenga nthawi yotalikirapo kuti idzuke. Ndipo pa `malonda`, autovacuum imadikira mizere yakufa 20% ya tebulo, yomwe pano ndi 7.6 miliyoni. `ALTER TABLE malonda SET (autovacuum_vacuum_scale_factor = 0.02)` yatsitsa malirewo kufika 760,000.

Lachisanu

Kwatsala kung'ung'udza kuja. Seva itakhala chete ndi pomwe kwamveka bwino kuti sikuchokera mu seva. Ndi thiransifoma ya mu UPS. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo chitsulo cha thiransifoma chimanjenjemera kawiri pa kuzungulira kulikonse, n'kutulutsa liwu la 100 Hz. UPS inakhala pa shelefu ya thabwa yomwe inkalikuza ngati ng'oma. Yatsitsidwa pa simenti, pansi pake paikidwa labala yokhuthala, ndipo kwachepa moti mu ofesi sikukumveka chitseko chikatsekedwa. Mabatire a UPS sanayesedwe ndi katundu weniweni, ndipo waya wa USB woti seva idzizimitse yokha batire ikatsala pang'ono sunalumikizidwe. Zimenezi ndi za Loweruka likubwerali.

Zina zomwe zikudikira: fani yotulutsa mphepo pakhoma la chipinda, chifukwa madigiri 29 masana a Novembala adzakhala 32, fani imodzi ndi disiki imodzi zosungira, komanso kuyezanso `pg_stat_statements` pa tsiku lotseka mabuku a mwezi, pomwe malipoti onse amathamanga nthawi imodzi. RAM yowonjezera ija yachotsedwa pa mndandanda wa zogula.